Mapu a Chigawo cha Kum'mawa cha Zambia kuchokera pa Wikipedia: pomwe ntchito yafika

Sabata ino ntchito inali yosonkhanitsa malo a mumsewu wa T4, kuchokera ku Nyimba, Petauke, Sinda, Katete mpaka pa chipata cha malire ku Mwami, kuti alowe mu foni n'kumaoneka ngakhale bandulo itatha. Matauni onse alowa. Malire a maboma ndiwo akadali pakati.

Poyambira ndi manambala osonyeza pomwe malo ali pa dziko (latitude ndi longitude), amene amakhala pamwamba pa nkhani ya malowo pa Wikipedia. Pa foni, yambani mwadina mawu oti Desktop pansi penipeni pa tsamba, chifukwa maonekedwe a pakompyuta ndiwo amaonetsa zonse. Ulalo wa manambalawo umakufikitsani pa tsamba lotchedwa GeoHack, pomwe malo omwewo alembedwa m'madigiri ndi maminiti, komanso m'madigiri okhala ndi kadontho. Masamba ena, makamaka a mindandanda, ali ndi kabokosi kotsitsira malo onse nthawi imodzi ngati fayilo ya mapu ya mtundu wa KML kapena GPX. Organic Maps, pulogalamu ya mapu ya pafoni yogwira ntchito popanda intaneti, imatsegula zonse ziwiri.

Vuto lalikulu lagona pa manambala. Chipata ili pafupifupi pa latitude -13.64 ndi longitude 32.65. Kachizindikiro kochotsera kaja n'kofunika zedi, chifukwa ife tili kum'mwera kwa equator. Mukakaiwala, kadontho kanu kakagwera ku Sudan, kufupi ndi Kosti m'mbali mwa White Nile. KML ndi GeoJSON (mtundu winanso wa fayilo ya mapu) zimayamba ndi longitude kenako latitude, pamene GeoHack imayamba ndi latitude. Mukakopera osatembenuza, Chipata ipezeka m'nyanja ya Atlantic, kumadzulo kwa Morocco.

Zolakwika ziwirizi zimaoneka msanga. Choopsa ndi chachitatu, chifukwa kadontho kamagwera m'dera lathu lomweli ndipo munthu amakhulupirira. Madigiri 13 ndi maminiti 38 si 13.38 ayi. Maminiti amagawidwa ndi 60, choncho 38 amakhala 0.63. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye kusiyana kwa 0.25 kumasuntha malowo makilomita ngati 28 chakumpoto. Fayilo iliyonse yolembedwa pamanja muziiyesa kaye ndi malo amodzi amene mumawadziwa bwino, monga msika wa Kapata.

Tsopano za malire. Kamapu kooneka m'nkhani zambiri sikakhala ndi fayilo yake pa Wikipedia. Chida chotchedwa Kartographer nthawi zambiri chimatenga mzerewo ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti, kudzera pa nambala yoyamba ndi Q imene malowo ali nayo pa Wikidata, nkhokwe ya mfundo yogwirizana ndi Wikipedia. Mukafuna mzerewo, kafufuzeni nambalayo pa overpass turbo, tsamba lofufuzira mu OpenStreetMap, n'kuutsitsa ngati GeoJSON. Mapu ena amasungidwa pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya mafayilo ogwiritsidwa ntchito pa Wikipedia, m'masamba oyamba ndi Data: ndi kutha ndi .map. Mukawonjezera ?action=raw kumapeto kwa adiresi mumaona zolembedwa zonse, koma QGIS, pulogalamu ya mapu ya pakompyuta, siingaziwerenge momwe zilili. GeoJSON yeniyeni yakutidwa mkati mwa gawo lotchedwa data, pamodzi ndi mawu a laisensi ndi zoom kunja kwake. Koperani za mkati mwa gawolo zokha, musunge ndi dzina lotha ndi .geojson.

Onetsetsaninso chaka chimene malirewo anajambulidwa. Mu 2018 Chipangali ndi Kasenengwa zinadulidwa ku boma la Chipata, Lumezi ndi Chasefu ku Lundazi. Chama inapita ku chigawo cha Muchinga mu 2011, n'kubwerera kuno mu 2021. Fayilo yoonetsa Chipata yaikulu yokafika ku Chipangali ndi yakale, ngakhale ikhale yosalala bwanji. Ine sindiiika m'gulu la mafayilo omalizidwa mpaka itasonyeza maboma atsopanowa.

Kwa amene ali ndi mapu apepala akale a boma: ambiri anapangidwa pa muyezo wakale wa malo wotchedwa Arc 1950, pamene mafayilo awa ali pa muyezo wa WGS 84. Kuwasanjika osasintha kumasiyanitsa misewu ndi mamita oposa 100. Mu QGIS, pepalalo lipatseni nambala ya muyezo wa Arc 1950, EPSG:20936, ntchito yonse muiike pa EPSG:32736, yomwe ndi UTM zoni 36 ya kum'mwera. Pamenepo mitunda imayezedwa m'mamita, osati m'madigiri.

Chotsatira ndi msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe ndi malire a paki ya nyama ya South Luangwa, amene mbali yaikulu ya kum'mawa imatsata mtsinje wa Luangwa womwe umasuntha njira yake.