Kalasi yathu ya masana ku Nchalo

Ife timatsegula 3 koloko masana. Amene anakhalako ku Nchalo mwezi wa Okutobala sangafunse chifukwa: kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mwana amene wangoweruka kusukulu, mimba ili pululu, sungamuuze za masamu. Ayambe wadya, apumeko, kenako abwere.

Ntchitoyi tinaiyamba ine ndi mkulu wanga titasiya uphunzitsi wa kupulayimale. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa nyumba, n'kupaka utoto wakuda pathabwa kuti likhale bolodi.

Chinatikoka ndi chilankhulo. Ana ambiri kuno kuchigwa amakula akulankhula Chisena pakhomo. Akalowa Sitandade 1 amaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula Chichewa chenichenicho, amatembenukira m'Chingerezi. Mwana wotere amakhala wawoloka mitsinje iwiri asanakule n'komwe, ndipo ambiri amene amatchedwa mbuli m'kalasi anangotsalira pamtsinje wachiwiriwo. Aphunzitsi sitikuwanena ayi. Chiyambireni sukulu yaulere mu 1994 makalasi amadzaza, ndipo munthu mmodzi sangamvetsere mwana aliyense akuwerenga.

Ndiye ife timamvetsera. Ana amakhala m'timagulu tating'ono n'kumawerenga mokweza mmodzimmodzi. Wina amakamba nthano imene anamva kwa agogo ake m'Chisena, anzake aibwereze m'Chichewa, ndipo okulirapo alembe ziganizo zingapo za nthanoyo m'Chingerezi. Kuwerengera timaphunzitsira pabawo. Lachisanu kumabwera madala ena ndi ulimba wawo, ndipo tsikulo ngakhale ana osalembetsa amaunjikana kumpanda.

Si makolo onse amene anazikonda poyamba. Bambo wina anandiimitsa pamsika.

"Aphunzitsi, ine ndikulipira kuti mwana azikasewera bawo? Mupatseni mapepala a mayeso."

"Bambo, mwana wanu ali Sitandade 3. Madzulo ano mumupatse buku akuwerengereni, mawa tidzakambirane."

Sanabwerenso ndi nkhaniyo. Mapepala akale a MANEB timawatulutsa kwa a Sitandade 8 okha, amene akukonzekera PSLCE.

Ndalama zake zimayenda ndi nyengo. Nthawi yodula nzimbe, ogwira ntchito kuesiteti amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba mwezi ukangotha. Alimi amadikira agulitse thonje, ena amabwera ndi ndowa ya mapira kapena nkhuku, ndipo timalandira. Januwale ndi Febuluwale ndiye timangopirira. Mwana sitimubweza chifukwa cha ngongole ya miyezi ya njala, koma zokolola zikalowa timakumbutsa mosachita manyazi, poti choko ndi makope sitigula ndi chifundo.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023 tinatseka. Sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo ana atabwerera, ena anali ataiwala ngakhale maphatikizo amene ankawadziwa bwino. Teremu imeneyo tinayambiranso pa a, e, i, o, u. Kuyambira pamenepo mabuku timasunga m'zidebe zapulasitiki zotseka, pathandala lalitali.

Makolo a ku Ngabu akhala akutipempha kuti titsegulenso kwawoko. Malo alipo kale. Tikudikira kupeza mphunzitsi wodziwa Chisena, amene sangaseke mwana akasakaniza zilankhulo.