Lipoti la ulendo wa kwaya ku Harare, ndi za bambo amene anatigwirira jeke

Akomiti anandipempha kuti ndilembe za ulendo wathu wa ku Harare poti ndine mlembi wa kwaya. Lipoti la ndalama ndapereka kale kwa amayi msungichuma ndipo liwerengedwa pa msonkhano. Ili ndi la inu amene munatsala, amene mwakhala mukundiimitsa pakhomo pa tchalitchi ndi funso limodzi lomwelo: "Nanga Macheso munamuona?" Ayi, woimba sungura wotchuka wa ku Zimbabweyu sitinamuone. Koma musatseke foni, nkhani ilipo.

Tinanyamuka pa Wenela m'bandakucha wa Lachinayi, anthu 24 pamodzi ndi mkulu wa mpingo amene abusa anatipatsa kuti azitiyang'anira. Njira ndi yomwe ija ya Mwanza, Zobue, Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, Changara, mpaka Nyamapanda. Mtunda wonse mpaka ku Harare ndi makilomita pafupifupi 600, koma kudinditsa mapasipoti kanayi konse kumadya nthawi kuposa msewu. Za kutentha kwa ku Tete mu Okutobala sindinenapo. Madzi a m'botolo anafunda ngati osambitsira khanda.

M'basimo nkhani inali ya anthu otchuka. Mnyamata wathu wa tena, amene nonse mukumudziwa ndi foni yake yosachoka m'manja, anachita kubwereka pawabanki kuti tsiku lokumana ndi Alick Macheso lisamupeze moto utatha. Sindimuda mwanayu. Macheso anabadwira ku Shamva mu 1968 koma magazi ake ndi akwathu kuno, ndipo mwa nyimbo zake muli zina zimene amaimba m'Chichewa, ndiye ambirife timamuyesa mbale amene anangochedwa kubwera kumudzi. Mkulu wa mpingo anadzudzula ndithu: "Ana inu, tikukaimbira Mulungu, sitikukasaka oimba sungura." Koma dalaivala ataika nyimbo titadutsa Mutoko, phazi la akuluwo ndinaliona likugunda pansi.

Tinafika usiku, anzathu akutidikira ndi zofunda m'manja poopa kuti tizizidwa. Anatigawa awiriawiri m'makomo a Akhristu, ambiri ku Highfield, ena ku Mbare ndi ku Mufakose. Ine ndi wa tena uja tinagwera kwa agogo ena aamuna a zaka zopitirira 80, kwawo kwenikweni ku Ntcheu. Anachoka mu 1957, nthawi ya chitaganya, atalembedwa ntchito ndi a Mthandizi, bungwe limene linkatenga anthu kuno kukagwira ntchito ku Rhodesia, ndipo anayamba ndi kupalira fodya pa famu ya mzungu asanapeze ntchito m'tauni. Amadzitchula okha kuti mtchona, akuseka. Mpingo umene unatiitanawu ndi wa anthu oterewa ndi ana awo. Sinodi ya Harare ya CCAP inaima payokha mu 1965, koma mbewu yake inachokera ku Nkhoma, kwa abusa amene ankatsatira anthu athu m'migodi ndi m'mafamu. Mpaka lero nyimbo zambiri amaimba m'Chichewa.

Chichewa cha agogowa n'chokoma, chakalekale, cha mawu amene ife a ku Ndirande tinataya. Cha adzukulu awo chimayenda pang'ono n'kupunthwa pa Chishona. Nsima amati sadza, gule wamkulu amati zvigure, minibasi amati kombi. Kamtsikana kena katamva kuti tachokera ku Blantyre kanaseka mpaka kugwira m'mimba. Kanati kusukulu anzake amakanyoza kuti "mubhurandaya", ndipo sikankadziwa kuti Bhurandaya ndi mzinda weniweni woti munthu n'kuchokerako pa basi. Agogo anatulutsa chitupa chawo chakale cholembedwa kuti ndi mlendo, ngakhale anakalambira konko. Anati zinayamba kupepuka ndi malamulo a dziko a mu 2013, amene anatsegulira unzika ana obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo, komanso kuika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Wa tena sanachedwe kufunsa kumene Macheso amakhala. Nyumba yonse inaseka. Mwana wa agogowo, bambo wa msinkhu wanga, anati kwa iwo anthu otchuka si osaka, umangogundana nawo pothira mafuta, pa maliro kapena kowotcha nyama ku Mereki. Kenaka anayamba kutiwerengera "athu" pa zala: Nicholas Zakaria wa Khiama Boys, gulu limene Macheso anakulira akuimba gitala ya besi asanayambitse Orchestra Mberikwazvo, Benjani Mwaruwari, amene anasewera ku Portsmouth ndi ku Manchester City n'kugoletsa Manchester United mu 2008. Oliver Mtukudzi sanali wathu, koma anabadwira mu Highfield momwemo mu 1952, ndipo chimwalirireni mu Januwale 2019 aliyense m'deralo ali ndi nkhani yake ya Tuku, monga ankamutchulira. M'masiku anayi ndinakumana ndi anthu ambiri amene anati anaphunzira naye kalasi imodzi, moti ndikawaphatikiza kalasiyo inali ya ana 300.

Lachisanu m'mawa anatitengera ku Mbare Musika. Amene mumati msika wa Limbe ndi waukulu, pitani mukaone. Matimati, kabichi ndi mbatata zimatsika m'malole usiku wonse, ndipo ngolo zokankha sizipempha njira. Ndalama yoyenda kwambiri ndi dola ya ku America. ZiG, ndalama ya dzikolo imene inabwera mu Epulo 2024, tinangoigwira pa chenji. Chapafupi pomwepo pali bwalo la Rufaro, kwawo kwa Dynamos, kumene mbendera ya Zimbabwe inakwezedwa koyamba mu Epulo 1980. Tili pakati pa msikawo wa tena anandikoka malaya. "Achimwene, uyo! Uyo apoyo!" Kunali bambo wina wovala jekete yonyezimira ndi magalasi akuda, atatsamira galimoto. Ndisanatsegule pakamwa mwana uja anali atafika kale, amayi atatu a soprano ali pambuyo. Bamboyo sanakane. Anaima bwinobwino, anakweza chala, anajambulitsa ndi aliyense, kenaka n'kutambasula dzanja: dola imodzi pa chithunzi. Analipira mokondwa. Mayi wotiperekeza atafika anangogwira pakamwa. Munthuyo amagulitsa zikwama za mafoni pakona pomwepo, ndipo galimoto yotsamirayo sinali yake n'komwe. Chithunzicho ena munachiona pa gulu lathu la WhatsApp chisanafufutidwe. Mokhululuka, musamamufunsenso mwanayu.

Tsopano za Loweruka, zimene zandichititsa kulemba zonsezi.

Tinali pa kombi ya hayala kupita kokaimba, titavala kale yunifolomu, katoni ya mphatso za amayi busa ili kumbuyo: mpunga wa Kilombero, tiyi wa ku Thyolo, tsabola wa Nali ndi majumbo a usipa. Titangodutsa pa Machipisa tayala lakumbuyo linaphwa. Sipeya nayo inalibe mpweya. Dalaivala anakunkhuniza sipeyayo kupita nayo kwa omata matayala kutsidya kwa msewu, natisiyira jeke yoti tiyambe kukweza. Amuna asanu ndi mmodzi a malaya oyera, tonse odziwa kuwerenga manotsi a nyimbo, tinaizungulira jekeyo ngati tikuona nyama yachilendo.

Ndinali kukalipira anzanga m'Chichewa pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Kumudzi n'kuti, achimwene?"

Anali bambo wa imvi, wamtali, wa mapewa otambalala, atavala kabudula ndi mapatapata, buledi ali m'khwapa. Ankatsimphina pang'ono mwendo wamanzere. Ndinati kwathu ndi ku Chiradzulu koma ndimakhala ku Ndirande. Anapatsira buledi uja mayi wina wa alito kuti awagwirire, anagwada movutikira, nalowetsa jeke pamalo pake. "Ikani mwala kutsogoloko, ingatithawe," anatero. Chichewa chawo chinali cholemera lilime, chofunafuna mawu, koma chinali Chichewa.

Akupukusa jeke anati bambo awo anali a ku Thyolo, anabwera kudzagwira ntchito ya njanji ndipo anaikidwa konkuno. Ndinawafunsa ngati anafikako kumudzi. Anati ku Blantyre anafikako kamodzi, pa ntchito, masiku atatu okha. Anapempha abwana kuti awalole theka la tsiku akaone kwa bambo awo, koma anawakaniza. Chimene anaona ndi chikwangwani cholozera ku Thyolo, pa windo la basi. Ine ndinangoti ndi mmodzi wa madalaivala a mathiraki kapena wa m'boma, ndipo ndinawauza kuti anachita ulesi, pakuti kuchoka ku Limbe kukafika ku Thyolo ndi ulendo wosakwana ola limodzi. Anangoti, "Eya, ndinamva choncho."

Kenaka pakamwa panga panandipereka. Nditaona kuti malaya awo ndi obiriwira ndi achikasu, ndinayamba kuwaseka za mpira wa mu Januwale 2022 ku Bafoussam, pamene Flames inakwapula Warriors ya Zimbabwe 2-1, Gabadinho Mhango atamwetsa zigoli zonse ziwiri. Sindinalekere pomwepo. Ndinawafotokozera, ndi manja omwe, mmene wotchinga kumbuyo amayenera kuimira akamalimbana ndi wosewera wothamanga, ndi kuti vuto la anyamata a ku Zimbabwe ndi kuyang'ana mpira m'malo moyang'ana munthu. Bambowo anasiya kupukusa, anandiyang'ana kuchokera pansipo, nati, "Mumautsata mpira, achimwene." Ine ndinavomera kuti ndimautsata.

Apo n'kuti dalaivala akubwera ndi tayala. Atangoona amene wagona m'fumbi pansi pa kombi yake, analisiya tayala lija likudzigudubukira lokha mpaka mu ngalande. Anavula chipewa, nayamba kuwomba m'manja mwaulemu mmene amachitira Ashona, uku akuti "Mudhara, mudhara!" Anyamata omata matayala anawoloka msewu akuthamanga. Wogulitsa nthochi anasiya dengu. Mwana wa agogo athu uja, amene anali m'kombi yachiwiri, anandinong'oneza dzina, ndipo miyendo inandizizira. Dzinalo ndinkalimva pa wailesi ndili mnyamata. Munthuyu anavala yunifolomu ya timu ya dziko la Zimbabwe zaka zingapo, ndipo malo ake anali omwewo a kumbuyo amene ndinkamuphunzitsawo. "Ntchito" ya masiku atatu ku Blantyre ija inali mpira pa bwalo la Kamuzu, abwana okaniza aja anali akuluakulu a timu, ndipo kutsimphinako ndi bondo limene linawachotsa m'bwalo.

Ndinapepesa mpaka malovu kuuma. Iwo ankangoseka, akupukuta manja pa kabudula. Anati zimene ndinanena za ku Bafoussam si zabodza kwenikweni, kungoti kunena n'kosavuta munthu ukakhala pa mpando.

Wa tena anali atatulutsa kale foni. Bambowo anakweza dzanja. "Iyayi mwana wanga. Ndili m'mapatapata, ndatumidwa buledi. Mukandiika pa Facebook mawa anthu ayamba kunena kuti mdala uja wasauka, akusintha matayala pa Machipisa." Mwanayo anabweza foni m'thumba, ndipo ndinamunyadira. N'chifukwa chake dzina lawo simulipeza muno, ndipo musavutike kundifunsa kuseri.

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Potulutsa sipeya tinali titatsitsa katoni ya mphatso, ndipo jumbo imodzi inali itang'ambika pakona. Bambowo anaima, nanunkhiza m'mwamba ngati mwana amene wamva fungo la mandasi. Anawerama, anatola kausipa kamodzi kamene kanagwera pansi, anakapukuta ndi chala, nakayang'anitsitsa nthawi yaitali. Anati bambo awo ankadya kapenta wa ku Kariba akudandaula, amvekere nsomba ndi nsomba koma iyi si usipa, ndipo iwo ali mwana ankayesa kuti ndi matama a nkhalamba chabe. Anakaponya m'kamwa kosaphika komwe. Anthu onse aja atazungulira, akuwatchula maina a m'bwalo, iwo ankangotafuna maso ali pa katoni. Ndinatenga jumbo yonse n'kuwapatsa. Anailandira ndi manja awiri, anatenganso buledi wawo, nalowa m'kanjira ka pakati pa nyumba akutsimphina.

Kokaimba tinafika mochedwa ndi mphindi 40, malaya anga ali ndi girisi pamkono. Tinaimba nyimbo 8, anzathu 6, ndipo ziwiri tinaimbira limodzi popanda kuyeserera n'komwe, pakuti buku la nyimbo ndi lomwelo. Lamulungu tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima m'mawindo. Bambo aja analonjeza kuti abwera, ndipo ndinkangocheukira kukhomo mpaka wotsogolera kwaya anandiponyera diso, koma sanaoneke. Lolemba tinazungulira m'tauni, tinajambulitsa pansi pa mitengo ya jakaranda pa Africa Unity Square itachita maluwa, Lachiwiri n'kuuyamba wobwerera.

Anzathu a ku Harare akufuna kudzabweza ulendowu chaka chamawa, ndipo apempha kuti pa masiku awo tidzaikepo limodzi lopita nawo m'midzi ya makolo awo, ena ku Ntcheu, ena ku Mulanje ndi ku Thyolo. Amene muli ndi malo ogona alendo lembetsani kwa ine. Pomaliza, mukamawerenga lipoti la katundu mupeza kuti majumbo a usipa anachoka kuno 10 koma amayi busa analandira 9. Musawavutitse amayi msungichuma. Wolakwa ndine, ndipo ndalama yake ndabweza kale.