Lipoti la ulendo wa ku Dafen, kwa okopera zithunzi zakale

Anzanga a m'gulu lathu la ojambula amene munatsala, nali lipoti limene munandituma kuti ndilembe. Tinapita anthu 7, ndipo chimene tinanyamukira chinali kukagula utoto, maburashi ndi mafelemu ku Guangzhou, ku China. Za katunduyo amayi msungichuma adzafotokoza okha pamsonkhano. Ine ndilongosola za tsiku limodzi limene atcheyamani anaumirira kuti tilisungire Dafen, kamudzi ka ojambula ka mumzinda wa Shenzhen.

Tinalawirira pa sitima kupita ku Shenzhen, kenako tinakwera ya m'tauni ya Line 3 mpaka pa siteshoni ya Dafen, m'dera la Longgang. Polowera pali chiboliboli cha dzanja litagwira burashi. Kamudzika kanayamba kutchuka mu 1989, pamene wamalonda a zithunzi wa ku Hong Kong, Huang Jiang, anabwera ndi ophunzira ake n'kuyamba kukopera pamanja zithunzi zotchuka zogulitsa kunja. Lero tinjira take tonse ndi fungo la utoto wa mafuta. Makope a chithunzi cha mpendadzuwa cha wojambula wotchuka Van Gogh tinawaona mpaka kutopa nawo.

Chimene chinatiimitsa chinali m'kachipinda kena kam'mwamba, kumene anatilondolera mtsikana wa kwathu amene akuphunzira ku China, yemwenso ankatitanthauzira. Tinapezamo bambo wachikulire akukopera chithunzi cha William Harnett cha mu 1886, chotchedwa The Old Violin. Harnett anabadwira ku Ireland mu 1848, anakulira ku Philadelphia, n'kumwalira ku New York mu 1892. Ankakonda kujambula zinthu zotha ntchito: mabuku ong'ambika, makaliwo, mfuti zakale, zoimbira zofwifwa. M'chithunzichi vayolini, choimbira cha nsambo, wapachikidwa pa chitseko chobiriwira cha mahinjesi a dzimbiri, kumbuyo kwake kuli pepala la nyimbo, ndipo cham'munsi kuli envelopu yabuluu. Chenichenicho chili ku National Gallery of Art ku Washington. Chitaonetsedwa koyamba ku Cincinnati, anthu ankatambasula dzanja kuti achotse envelopuyo, poganiza kuti ndi yeniyeni. Sindikuwadabwa. Mnzathu wina wolemba zikwangwani anayandikira kopeyo mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza nsalu.

Tinakhalamo pafupifupi maola awiri. Bambowo anali pa chifuwa cha vayolini, pamene vanishi anaperepeseka. Ine ndinkaganiza kuti chinthu chakale umachijambula pongochidetsa ndi utoto wakuda ndi wofiirira. Iwo anapukusa mutu. Amayamba kujambula vayoliniyo ngati watsopano, wowala bwino, kenako n'kumamukalambitsa pang'onopang'ono ndi utoto wopyapyala kwambiri, wina pamwamba pa unzake, aliyense akudikira kuti wapansi aume. Atcheyamani anafunsa kudzera mwa mtsikanayo kuti, "Bambo, mumadziwa bwanji poti muthetse?" Poyankha sanaloze chithunzi. Anatitengera pa chitseko cha chipinda chawo chomwe, n'kutionetsa pamene utoto unasupuka mozungulira chogwirira, ndi kamzere ka dzimbiri kotsika kuchokera pa msomali. Chinthu, anatero, chimatha pamene pamafika dzanja, ndipo dzimbiri limatsata njira ya madzi. Ukalakwitsa pamenepo, ngakhale mwana amaona kuti ndi bodza.

Mawu amenewo anandilasa. Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula amayi akusinja kuti ndigulitse kwa alendo kunyanja, koma sindinayang'anepo bwino munsi kuti ndione pamene manja anausalaza.

Panabuka nkhani ina. Pa envelopu ija ndi pamene Harnett analembapo dzina lake, choncho wokopera amalilembanso. Amayi msungichuma anati kumeneko ndi kuba. Bambowo anatembenuza nsalu ina yomaliza kale: kuseri analembako dzina lawo ndi mawu osonyeza kuti ndi kope. Pa khoma panalinso makope a John Peto, mnzake wa Harnett wa ku Philadelphia, wobadwa mu 1854, amene anakakhala ku Island Heights ku New Jersey mu 1889 n'kumaimba lipenga pa misonkhano ya chitsitsimutso ya a Methodist. Anamwalira mu 1907 osadziwika kwenikweni. Amalonda achinyengo anatenga zithunzi zake zambiri n'kulembapo dzina la Harnett kuti zikwere mtengo, mpaka wofufuza Alfred Frankenstein anatulukira chinyengocho chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ukaika awiriwa pafupi, kusiyana kumaoneka: za Harnett n'zakuthwa m'mbali ngati ungazitole, za Peto n'zofewa ngati pakutirira fumbi. Ine mtima wanga unapita kwa Peto, makamaka kandulo yake yotsala kachidutswa pambali pa mabuku othothoka zikuto.

M'sitima pobwerera tinatsutsana kwambiri. Ena akuti kukopera si luso. Ine sindikuvomereza, chifukwa ndinaona ndi maso anga munthu akutha theka la ola pa mutu wa msomali umodzi. Chimene tonse tinagwirizana n'chakuti aliyense wa ife akakopera ntchito ya wina, azilemba kuseri.

Tinagula kope limodzi laling'ono la Peto ndi ndalama za gulu, ndipo lili kwa atcheyamani. Tinapangananso kuti pa msonkhano ukubwerawu aliyense abweretse chinthu chimodzi chakale cha pakhomo pake, kaya ndi koloboyi, chipande, wailesi yakufa kapena khasu lotha, kuti tichijambule monga anationetsera. Ine ndatenga kale simbi ya makala ya agogo anga. Dzulo ndinaiika pawindo, ndipo ndaona kuti chogwirira chake chinadyeka mbali ya kumanja, pamene pankakhala chala chawo chachikulu. Agogo anali amanzere.