Masabata awiri m'matope, kuseri kwa Domasi

Minibasi yochokera ku Liwonde inanditsitsa pa Domasi dzuwa litapendeka, ndipo kuchoka pamenepo ndinakwera kabaza kulowera kumudzi, m'tsinde mwa phiri. Unali mwezi wa Ogasiti, kamphepo kakuzizira, fumbi lofiira lili tolotolo m'njira. Wakabaza anandifunsa ngati ndikupita kumaliro kapena kuukwati. Nditamuuza kuti ndikukathandiza kukonza tchalitchi chakale, anati, "Chija chinang'ambika ndi Freddy? Achimwene, chimenechija n'chofunika kungogwetsa."

Nkhaniyi inandipeza kudzera kwa mnzanga amene tinaphunzira limodzi, yemwe kwawo ndi m'mudzimo. Analemba pa WhatsApp kuti akufuna anthu ongodzipereka, okhala ndi masiku a tchuthi, oti akagwire ntchito pansi pa mmisiri wina wachikulire. Malipiro panalibe, koma pogona ndi nsima zinali za mudzi. Tinapezeka anthu 9: aphunzitsi awiri, ophunzira anayi a ku Yunivesite ya Malawi (imene kale inkatchedwa Chancellor College), namwino, mnzangayo ndi ine amene tsiku lonse ndimakhalira kompyuta ku Lilongwe.

Nyumbayo si yaikulu. Ndi ya njerwa zowotcha zomangidwa ndi dothi, mawindo ake opindika pamwamba ngati uta, denga la malata. Kale inali tchalitchi Lamulungu, ndipo masiku enawo inali sukulu. Akuluakulu am'mudzimo amawerengera zaka zake ndi Napolo. Amati pamene Napolo anatsika m'phiri la Zomba mu Disembala 1946, nyumbayi n'kuti ili kale chilili, ndipo makolo awo ndi amene anaponda dothi lake. Dera limeneli linadziwa sukulu msanga, poti mishoni ya Domasi inayamba mu 1884, kotero timanyumba totere tinafalikira m'midzi yozungulira. Mu Marichi 2023 mvula ya namondwe Freddy inagwa masiku angapo osaleka, ngodya imodzi yakumpoto inakhuthuka, ndipo mng'alu unatsika kuchokera pa windo mpaka pa maziko.

M'mawa mwake tinakumana ndi agogo amisiri. Ndi munthu wochepa thupi, wosayankhula zambiri, manja ake olimba ngati chikumba. Sanatipatse chida chilichonse. Anatizungulitsa nyumba yonse akugogoda khoma ndi kamtengo.

"Tamverani apa," anatero. Khoma linalira gogogo, molimba. Anasuntha pang'ono n'kugogodanso pamunsi pamene panali pomata ndi simenti. Apo linalira ngati ng'oma yoboola. "Mwamva? Kuseri kulibe kanthu. Namondwe mukumunamizira. Iye anangomaliza ntchito imene simenti anayamba kalekale."

Zaka zapitazo anthu ena a mtima wabwino anamata simenti kuzungulira khoma lonse, kufika m'chiuno, poganiza kuti akuliteteza ku mvula. Agogo anaboola pamodzi ndi chizulo, chibanthu cha simenti chinagwa, ndipo ndinaona ndi maso anga: njerwa zakuseri zinali zonyowa pakati pa chilimwe, zofewa moti ndinakanda imodzi ndi chikhadabo n'kutuluka ufa wofiira. Anandigwira dzanja n'kuliika pamenepo. Kunali kozizira ngati pansi pa mtsuko.

"Mwanawe, khoma limapuma," anandiuza. "Limamwa chinyezi kuchokera pansi, dzuwa likawala limachitulutsa. Ukaliveka simenti walitseka mphuno. Madzi amangokwera m'kati, njerwa n'kumawola mwakachetechete."

Masiku atatu oyambirira ntchito yathu inali imeneyo, kuchotsa simenti pang'onopang'ono ndi chizulo ndi hamala yaing'ono. Agogo sankalola kumenya mwamphamvu. Mnyamata wina wa ku Chancellor atathyola njerwa ziwiri chifukwa chothamanga, sanamukalipire. Anatola zidutswazo, anazipukuta, n'kumuonetsa madindo a zala pa imodzi mwa izo. Munthu wina anainyamula isanaume, zaka zonsezo zapitazo, ndipo zala zake zinayi zinatsalira pamenepo. Tonse tinaipatsirana njerwa ija, aliyense akuyeza zala zake m'maenjemo. Zanga zinalowa bwinobwino. Kuyambira pamenepo palibe anathamanganso.

Njerwa zatsopano sitinawotche. Pangodya yogumukayo tinafukula zakale imodziimodzi, kuzipala, kuzisanja, ndipo zoperewera tinapempha pa bwinja la nyumba ya mphunzitsi imene inagwa kale. Agogo anati njerwa za masiku ano sizifanana msinkhu ndi zakalezo, komanso uvuni umodzi umadya mitengo yambiri. Pamenepa ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse. Aliyense wodutsa msewu wa Zomba amaona mmene mapiri ayerera, ndipo n'chifukwa chake mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga zikuluzikulu.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya dothi. Ine ndinkaona ngati dothi ndi dothi basi. Agogo anatitengera pa chulu china kumunsi kwa munda, anatapa pang'ono, analavulira, n'kuyamba kulipota m'manja ngati akupota chingwe. Likaduka msanga ndiye kuti mchenga wachuluka. Likatalika kwambiri osaduka ndiye kuti ndi lamakande, lidzang'aluka likauma. Iwo ankafuna lapakati, ndipo ankasakaniza ndi mchenga wa kumtsinje mpaka dzanja lawo litavomera. Tinaliponda ndi mapazi madzulo, n'kuligoneka usiku wonse litafunditsidwa masamba a nthochi. M'mawa linali lofewa ngati phala la mwana.

Pomata kunja tinagwiritsa ntchito laimu. Matumba ake tinawaviika m'migolo tsiku lomwe tinafika, ndipo anakhala m'madzi sabata yathunthu. Muyeso unali ndowa imodzi ya laimu pa ndowa zitatu za mchenga wosefa. Laimu amawotcha khungu, choncho namwino uja ankaonetsetsa kuti aliyense wavala magolovesi ndipo sakupukuta m'maso. Agogo anagwirapo ntchito ku Changalume ali mnyamata, kumene ankakumba miyala yopangira simenti, ndiye simenti amamudziwa bwino ndipo samuda. Amangoti ali ndi malo ake. Laimu ndi wofewa, amalola chinyezi kutuluka, koma amafuna kuleza mtima. Ukamata umaphimba ndi ziguduli zonyowa, n'kumawaza madzi m'mawa ndi madzulo kuti asaume mothamanga. Ntchito yotunga madzi ku mjigo inali yanga ndi aphunzitsi aja, maulendo osawerengeka.

Pansi pa nyumbayo panali pa amayi. Anabwera Lachinayi la sabata yachiwiri atasenza dothi lakuda la kudambo, anagwada mondondozana n'kuyamba kuzira kuchokera kuguwa kubwerera kukhomo, akuimba nyimbo za chigwirizano, ena akuponyamo mawu a Chiyao. Litayamba kuuma anatenga miyala yosalala ya kumtsinje n'kumakhula mpaka pansi panayamba kunyezimira. Mayi wina wachikulire anaitana mtsikana wa ku yunivesite, "Bwera kuno chemwali, usaope kuda. Dzanja lizipita chonchi, ngati ukusisita mwana." Mtsikanayo anagwada nawo mpaka madzulo, ndipo anatiuza kuti agogo ake ankazira chomwecho koma iye anali asanayesepo.

Si onse m'mudzimo amene ankakondwera. Madzulo ena tikudya nsima ya matemba a ku Chilwa ndi nandolo, bambo wina wa m'komiti anayankhula mosabisa. Anati mpingo wakula, nyumbayo ndi yaing'ono, ndipo ana awo akufuna tchalitchi cha mabuloko ndi magalasi ngati cha anzawo. "Inu mubwerera kutauni kokhala m'nyumba za simenti, ife mwatisiyira dothi." Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali ndi mfundo. N'kosavuta kukonda zakale pamene sudzagonamo. Ndinawayankha kuti palibe akuwaletsa kumanga chatsopano pambali, koma ichi chikagwa sichidzabweranso, ndipo chikhoza kukhala mkombaphala kapena mosungira mabuku. Sanavomere, sanakane. Mawa lake anabwera ndi wilibala yawo n'kutithandiza kututa mchenga.

Lamulungu lapakati tinapita m'tauni ya Zomba. Ndinkayenda ndi maso ena. Tinaima pa Hotel Masongola, nyumba imene abale a Buchanan anamanga mu 1886, ndi nsanja zake ziwiri, kenako tinadutsa pa nyumba yakale ya malamulo, kumene aphungu ankakumanabe mpaka 1994 ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Nyumba zimenezi zili m'mabuku ndipo alendo amazijambula. Koma pobwerera ndinkaganiza za tchalitchi cha kumudzi chija. Amene anaumba njerwa za nyumba zonsezi, zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndi anthu a m'midzi yomweyi, ndipo luso lawo latsala m'manja mwa okalamba ochepa ngati agogo aja. Ndikuona kuti sukulu zathu zaluso zikanayenera kuwaitana anthu otere adakali moyo, ophunzira akaone mmene laimu amaviikidwira ndi mmene uta wa windo umamangidwira pa thabwa lopindika.

Uta umenewo ndi umene tinamalizira. Agogo anakhoma chikombole cha matabwa m'windo long'ambikalo, ndipo tinasanja njerwa kuchokera mbali zonse ziwiri, iwo akuyeza iliyonse ndi chingwe chomangidwa pa msomali pakati. Itatsala imodzi yapamwamba, anatenga chidutswa chachikulu cha njerwa ya zala ija, anachisema pang'ono, n'kupatsa mnyamata amene anaithyola. Anachilowetsa manja akunjenjemera, zala zija zikuyang'ana m'kati mwa nyumba. Chikombole anati chichotsedwe pakatha masabata awiri, choncho ine sindinaone.

Ndinachoka Loweruka m'mamawa, ziguduli zili lendelende pakhoma, ana awiri akuziwaza madzi ndi tsache monga tinawaphunzitsira. Wakabaza anali yemwe uja. Anaima kaye, anatsika, anapita kukagogoda ngodya yakumpoto ndi nkhonya, n'kubwerera osanena kanthu. Dzulo mnzanga wanditumizira chithunzi: chikombole achotsa, uta waima wokha. Denga likudikira, malata 6 ndi odooka ndipo chiswe chadya mitanda iwiri. Tagwirizana zobwerera mu Okutobala mvula isanayambe, ndipo agogo atumiza uthenga kuti laimu aviikidwe sabata imodzi ife tisanafike.