Zimene ndaphunzira pokonzanso masewera a makadi a pafoni

Masewera a makadi ukawaika pa Google Play, sakhalanso m'manja mwako. Ine ndinaphunzira Kotlin, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pafoni, ndi cholinga chongoona makadi akugawidwa pafoni, koma maphunziro enieni anayamba anthu a kuno ku Lusaka atayamba kusewera, ine n'kufuna kusintha zinthu iwo ali kale ndi pulogalamuyo m'matumba mwawo.

Kusakaniza makadi sikunavute. Njira yake ndi yakale: Ronald Fisher ndi Frank Yates anailemba mu 1938, ndipo Richard Durstenfeld anaikonza mu 1964 kuti igwire pakompyuta. Umayambira pa khadi lomaliza mwa makadi 52, n'kulisinthanitsa ndi lina losankhidwa mwachisawawa pakati pa omwe sanakhazikike, n'kumabwerera m'mbuyo mpaka onse atha. Ndinangowonjezapo kusunga nambala imene kusakanizako kwayambira. Munthu akadandaula kuti foni yamubera, ndimatha kubwereza masewerawo khadi ndi khadi n'kuona chimene chinachitika.

Povuta ndi pa malamulo. Masewera athuwa ndi aja oponya khadi lofanana nambala kapena mtundu ndi lomwe lili pamwamba, koma komboni iliyonse ili ndi kasewero kake. Anzanga a ku Matero amati wina akakuponyera 2, ukhoza kumubwezera ndi 2 wako kuti wotsatira atole makadi anayi. Amalume anga, omwe anakulira ku Chipata, amakanitsitsa: wapatsidwa 2, tola awiri basi. Nanga 8 amadumpha munthu kapena amasintha mtundu? Joker alowemo? Palibe wolakwa pamenepa, ndipo sindinafune kuti pulogalamu yanga ikhale yoweruza. Choncho malamulo ndinawachotsa m'gawo lojambula makadi n'kuwaika paokha, lililonse lili ndi poyatsira ndi pozimitsira pake. Pa lamulo lililonse ndinalemba timayeso timene kompyuta imadziyendetsera yokha ndisanatulutse chilichonse. Ntchitoyi siioneka kwa wosewera, koma ndi imene imandilola kukhudza lamulo la 8 popanda kuwononga la 2.

Tsono nkhani yaikulu ndi iyi. Ukatulutsa mtundu watsopano wa pulogalamu, wakale sufa. Play Store nthawi zambiri imadikira Wi-Fi kuti isinthe yokha mapulogalamu, pamene ambiri mwa osewera anga amadalira bandulo ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndipo sangaiwonongere pa masewera omwe akuyenda kale bwino. Ena anangopatsana pa Xender, pulogalamu yotumizirana zinthu foni ndi foni, ndipo sadziwa n'komwe kuti kwatuluka china. Ndiye pamakhala anthu awiri pa benchi imodzi ku Kalingalinga, wina ali ndi mtundu wa miyezi yapitayo, wina wa dzulo, ndipo akufuna kusewera limodzi. Ndikuona kuti si bwino kumukakamiza wakaleyo kugula bandulo. Mafoni awiriwo akalumikizana, amayamba auzana nambala ya mtundu wawo, kenako amasewera ndi malamulo amene onse akuwadziwa. Zikakanika, pamatuluka uthenga wa m'chilankhulo chathu wonena chimene chavuta, osati kungotseka.

N'chimodzimodzi ndi masewera osungidwa. Fayilo iliyonse imayamba ndi nambala yosonyeza kalembedwe kake, ndipo mtundu watsopano uyenera kudziwa kuwerenga zakale zonse. Ndimasunga khadi lililonse likangoponyedwa. Mafoni ambiri kuno ndi a Tecno ndi Itel, ena a Android Go, yomwe ndi Android yopepuka ya mafoni otsika mtengo, ndipo munthu akangoyankha uthenga wa WhatsApp, foni imatseka masewerawo kuti ipeze malo. Komanso magetsi akazima kwa maola ambiri ngati mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, batire imathera pakati pa masewera. Wobwerera ayenera kupeza makadi ake m'manja monga anawasiyira.

Za Google Play n'zongophunzira n'kuzitsatira. Kulembetsa ndi madola 25 kamodzi kokha. Akaunti yatsopano ya munthu payekha imafunika anthu 12 oyesa pulogalamu kwa masiku 14 isanaloledwe kupita kwa aliyense. Nambala yotchedwa versionCode iyenera kukwera nthawi zonse ukatulutsa china, ndipo chaka ndi chaka amafuna kuti pulogalamu igwirizane ndi Android yatsopano, ngakhale iwe ulibe chosintha. Chimene ndimachikonda ndi choti ukhoza kutulutsa mtundu watsopano kwa anthu ochepa kaye, n'kuimitsa ngati malipoti akuonetsa kuti ukugwa.

Amayi atangoona makadi pafoni panga anafunsa kuti, "Kodi si njuga imeneyi?" Funso lomwelo lili pa fomu ya Google yoika zaka za oyenera kusewera. Yankho langa ndi limodzi konsekonse: mulibe ndalama, mulibe kubetcha, ndipo sindidzaikamo, chifukwa ana a m'nyumba mwathu momwemuno amasewera.

Pakadali pano ndikuphunzira kuchepetsa kukula kwa pulogalamuyi. Zithunzi za makadi ndi zimene zikudya malo ambiri, ndiye ndikuzijambulanso ngati mizere ya vector, imene foni imajambula yokha ndipo siidya malo ambiri, kuti mtundu wotsatira udzatsike ndi bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi.