Masikono a apongozi ndi waya wofiira

Apongozi anga amaphika masikono pa Dedza boma mu uvuni wa dramu, ndipo zaka zonsezi ankayeza moto ndi chikhatho. Ine mkamwini wawo, wokonza mawailesi ndi matochi, ndinaona kuti mpata wolemekezeka wapezeka. Ndinawagulira thermocouple, kachipangizo ka mawaya koyezera kutentha, ya mtundu wa K ku Lilongwe, pamodzi ndi kamita kake koonetsa madigiri.

Inabwera ndi mawaya awiri, wachikasu ndi wofiira. Wofiira ndi pulasi, ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadziwa. Ndinalumikiza, tinakoleza moto, mita n'kuyamba kutsika: 10, 0, mpaka -100.

"Bambo a Tadala," apongozi anatero akuyang'ana kumbali, "ku Dedza kumazizira ndithu, koma mu uvuni mwanga simunazizirepo chonchi."

Kani pa mawaya a ku America amenewa wofiira ndiye mainasi! Ndinatembenuza mwakachetechete ngati ndikungopukuta fumbi.

Waya unali waufupi, ndiye ndinalumikiza wina wakopa pafupi ndi chitseko cha uvuni, n'kuuyendetsa limodzi ndi chingwe cha firiji, bwinobwino ndi tepi. Manambala anayamba kuvina ngoma, firiji ikalira iwo n'kudumpha. Apongozi anatambasula chikhatho nati moto wakwana. Ine ndinati mita ikunena 180, tikufuna 220, nkhuni zilowe. Zinalowadi. Masikono 120 anatuluka akuda bii, galu anangonunkhiza n'kupita.

Madzulo anafika mlamu wanga, amene akuphunzira zamagetsi. Anayamba waseka kaye mpaka kukhala pansi.

"Alamu, kachipangizo aka kamatulutsa timagetsi tochepetsetsa, ma microvolt 41 okha pa digiri iliyonse. Mwakagoneka ndi chingwe cha magetsi a ma volt 230, chisokonezo chochokera m'magetsiwo chilekerenji kulowa?"

Za kopa ndiye anandivula. Thermocouple imayeza kusiyana kwa kutentha pakati pa nsonga yake ndi pamene waya wake weniweni wathera, ndipo mita imawerengera ngati wathera pa iyo. Ine ndinauthetsera pachitseko, potentha mwina 60, mita ili pozizira 20. Madigiri 40 ndinawataya ndekha, n'kuwabweza ndi nkhuni za apongozi.

Tinagula waya woonjezera wa K, wopota, wokutidwa ndi chishango chachitsulo choteteza ku chisokonezo cha magetsi, chimene mlamu anachilumikiza ku nthaka mbali imodzi yokha, kutali ndi firiji. M'madzi a ayisi mita inati 0. M'madzi owira inati 95.

Apa ndinadzuka ndi mphamvu zonse, ndikufuna kuonjezera 5 pa mita. "Mwaona? Nanunso mwalakwitsa!"

"Alamu, tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Kuno madzi amawira pa 95. Khalani pansi."

Masikono aja ndinalipira mwezi wathunthu. Masiku ano apongozi amayamba alowetsa chikhatho mu uvuni, kenako amasuzumira mita kuti aone ngati yakhoza.