Mkazi anagona ku Montana, wadzukira ku New Orleans

Mabuku a galamala ndi a MSCE amayenda mwezi wotsegulira sukulu basi. Chimene chimandidyetsa chaka chonse pa benchi langa la mabuku a kaunjika kumsika wa Dedza ndi timanovelo tokwana m'thumba, tachikondi chosakaniza ndi zoopsa. Mkazi akusakidwa ndi munthu wosadziwika, mwamuna amene akumuteteza ndi yemwenso akukayikiridwa, ndipo pomaliza chigawenga chigwidwe, awiriwo akwatirane. Ambiri ndi osindikizidwa ndi makampani a Harlequin ya ku Canada ndi Mills & Boon ya ku London, zomwe zinakhala khomo limodzi mu 1971. Mtundu wa Intrigue, umene makasitomala anga amaulimbirana, unayamba mu 1984, ndiye mabuku ena amafika kuno ali achikulire kuposa amene akuwawerenga. Ena ali ndi chidindo cha laibulale za ku UK, ena dontho la tiyi wa munthu amene mwina anatisiya kalekale.

Kusankhira munthu buku si kungoloza chikuto chokongola. Ine ndimayamba ndafunsa magazi: mukufuna mtembo umodzi wa patsamba loyamba, kapena anthu azigwa mpaka kumapeto? Kenako ndimafunsa za kuchipinda, motsitsa mawu, chifukwa pali mabuku amene amatseka chitseko ndi ena amene amakulowetsa mpaka pamphasa. Ukalakwitsa apa, mayi wolemekezeka amabweza buku atalikulunga m'chitenje ndipo sabweranso. Njira yodziwira ndi kutsegula cha pakati n'kuwerenga masamba angapo, poti zoterezo zimakonda kukhala pamenepo. Ndimayang'ananso maso a kasitomala. Amene akugwirira buku kutali ndimamupatsa la zilembo zikuluzikulu, olo likhale lodulako. Ndipo ngati pachikuto palembedwa kuti ndi buku lachiwiri la nkhani ya magawo atatu, sindigulitsa ngati loyamba palibe. Abambo nawo amagula, kungoti onse amati n'la madamu kunyumba.

Vuto la timabukuti ndi msana. Sitinasokedwe, tinangomatidwa ndi guluu, ndipo guluuyo akakalamba amauma n'kuthetheka. Masamba amasindikizidwa m'magawo a 16 kapena 32, ndipo pokumana magawo ndi pamene buku limakonda kuthyoka. Kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katoni ya mabuku ku Lilongwe inafika pamtengo woti sungataye buku chifukwa chathyoka msana. Umalikonza. Umapala guluu wakale ndi lezala, kugogoda masamba pa tebulo kuti afanane, kuwapanikiza pakati pa matabwa awiri, n'kucheka timizere tinayi kapena tisanu pamsana ndi sowo yodulira zitsulo, osazamitsa. M'timizeremo umagoneka ulusi, kupaka guluu woyera wa matabwa mopyapyala kawiri, kuphimba ndi kansalu, kubwezera chikuto, n'kutsindira njerwa. Supa guluu ayi, amathyoka ukangotsegula. Selotepi imasanduka yachikasu n'kumatuka. Phala la chinangwa limamata ndithu, koma ndiye waitanira mphemvu phwando. Kuno mu Julayi, chifunga chikatsika m'phiri, guluu amachedwa kuuma, ndiye njerwa usazichotse msanga.

Mu Julayi momwemo ndinatsegula katoni n'kupezamo mabuku awiri a mtundu umodzi, onse othyoka, onse a masamba pafupifupi 250, zilembo zofanana, pepala lofiirira mofanana. Onse anathyokera patsamba 224, amene ndi magawo 7 a masamba 32. Ndinawakonza madzulo magetsi atathima, tochi ya foni ndili nayo pakamwa, zala zitauma ndi chisanu. Ndinayang'ana polumikizira: 224, kenako 225. Buku linalo chimodzimodzi. Ndinatsegula tsamba lomaliza, ukwati unalipo. Ndinatsindira njerwa n'kukagona ndi mtima wa mmisiri.

Loyamba linapita kwa aphunzitsi ena opuma ntchito a ku Bembeke, amene ndi wapampando wa banki mkhonde ya amayi okhaokha. Amayi amenewa akatha kuwerengera masheya amawerengerana novelo, aphunzitsi akumasulira m'Chichewa mutu umodzi kapena iwiri pa mkumano. Ndinalitamanda bukulo mpaka malovu kuuma. Famu ya ng'ombe ku Montana m'dziko la America, chipale chofewa chatseka misewu, mwini famu waphedwa, mwana wake wamkazi watsala yekha ndi mkulu wa apolisi wamaso aukali. Okayikiridwa atatu: mlamu, loya wa banja, ndi kapitawo wa pafamu. "Amayi, ili mukaliyamba nsima ipserera." Analipira K2,000 osanenerera.

Linalo linatengedwa ndi abambo ena amene kale anali apolisi ofufuza milandu. Anati n'la madamu.

Patapita masabata angapo ndinaona amayi asanu akubwera molunjika benchi langa, aphunzitsi ali patsogolo, buku lili m'manja chala chili m'kati. Sanayambe ndi moni wautali.

"Achimwene, buku ili munaliwerenga?"

"Ee, amayi, lonse."

"Ndiye tiuzeni. Mtsikana uja wabisala m'khola, chipale chikugwa, munthu wovala chophimba kumaso akutsegula chitseko. Titembenuza tsamba, ali m'boti ku New Orleans, akutuluka thukuta, ng'ona zikuyandama. Wafikako bwanji?"

Munthu wanzeru akanapempha bukulo kuti aone. Ine ndinakhosomola n'kunena kuti ndi luso la alembi a kunja, amadumphitsa nthawi dala kuti owerenga aganize.

"Ndipo dzina lasintha."

Ndinati ku America mboni ikakhala pachiopsezo boma limaipatsa dzina latsopano ndi malo atsopano. Zimenezi n'zoona ndithu, ndipo mayi mmodzi anagwedeza mutu kuti nayenso anaganiza choncho. Wina, wogulitsa kachewere, anati iye anauza anzake kale kuti mtsikanayo anakwezedwa lichero usiku, kungoti azungu salemba poyera. Ndinayamba kuona ngati ndipulumuka.

"Chabwino," anatero aphunzitsi. "Nanga tsitsi? Linali lofiira, pano ndi lakuda."

"Daya, amayi."

"Nanga mwana wa zaka 6 amene akumutchula kuti amayi?"

Apa ndinayamba kukonza mabuku pa benchi amene anali okonzeka kale.

Koma chimene chinawawawa amayiwa sichinali ng'ona kapena mwana. Chinali ukwati. Mkulu wa apolisi uja anamunyamula mtsikanayo m'chipale, anawomberedwa paphewa chifukwa cha iye, anagona pakhonde ndi mfuti usiku wonse. Amayi anali atamuvomereza kale ngati mkamwini. Ndiye pomaliza mtsikanayo akukwatiwa ndi mtolankhani amene palibe anamuonapo, ndipo za mkulu wa apolisi palibe ngakhale mzere umodzi. "Mnyamata wavutika masamba 224," anatero wa kachewere, "ngakhale kumuitana ku ukwati?" Mayi wina anati mwana wake wamkazi asawerenge buku limeneli, lingamuphunzitse khalidwe.

Kenako kunatuluka nkhani ya ndalama. Kumayambiriro kwa buku, aliyense anaponya K500 m'mbale n'kutchula amene akumuganizira kuti ndiye anapha mwini famu. Ena mlamu, ena loya, ena kapitawo. Ndalamazo msungichuma anazitsekera m'bokosi la banki. Ndiye buku latha, wagwidwa ndi dokotala wa mano amene sanapondepo ku Montana. Mbale ipite kwa ndani?

Aphunzitsi anavala magalasi, anatsegula pomwe panali chala chawo, n'kundilozera pamwamba pa tsamba. Timabuku timeneti timakhala ndi mutu wa buku kapena dzina la wolemba pamwamba, m'tizilembo tating'ono timene munthu wotengeka ndi nkhani saona. Cha ku 224 kunali mutu wina, kupitirira 225 mutu wina. Anali atazitulukira kale kunyumba. Mafunso onse aja ankangofuna kumva kuti ndinama mpaka pati.

Ndisanapeze poyambira, kumbuyo kwa amayi kunamveka kutsokomola kwa munthu wozolowera kulamula. Abambo apolisi aja, buku kukhwapa, kope la sukulu m'manja. Madamu sanatchulidwenso. Anatsegula kopelo, momwe analemba mayina a okayikiridwa, nthawi ndi malo, mizere yojambula ndi rula. Anati pa zaka zonse za ntchito yawo sanaonepo mlandu woyendetsedwa mwachibwana chonchi. Afufuza imfa ya mu mtsinje ku New Orleans, umboni wonse ukuloza dokotala wa mano, ndiye mwadzidzidzi kukugwa chipale ndipo anthu akukangana za ng'ombe. Anati akanakhala pafupi wolembayo akanamufunsa mafunso pa kauntala.

Aphunzitsi anayang'ana buku la abambowo. Abambowo anayang'ana la aphunzitsi. Onse anayang'ana ine. Anyamata a kabaza anali atayamba kale kuimika njinga pafupi, ndipo wogulitsa nsapato woyandikana nane anasiya kasitomala atavala nsapato imodzi.

Opaleshoni inachitikira pa benchi pomwepo. Apa ndiye ndinadana ndi luso langa, chifukwa ulusi ndi guluu woyera zinagwira kuposa mmene fakitale inamatira. Kulekanitsa buku lomatidwa chonchi kumafuna lezala yatsopano, kulitsegula mpaka ligone chafufumimba polumikizira, n'kudula ulusi umodziumodzi kuchokera m'kati, osakoka, apo ayi m'mphepete mwa tsamba mumang'ambika pamodzi ndi mawu. Ndinadula manja akunjenjemera, abambo apolisi ataima pambali kuonetsetsa kuti umboni usaonongeke. Aliyense analandira mchira wa nkhani yake. Abambowo anawerenga ali chiimire, anapeza kuti dokotala wa mano ndi yemweyo, anatseka kope n'kuwongola kolala.

Aphunzitsi anakhala pa katoni n'kuyamba kumasulira pomwepo, amayi atazungulira, a kabaza akumvetsera nawo. Khola lija, chitseko chija, mkulu wa apolisi akuthamanga ndi phewa lake lovulala. Amayi anaomba m'manja kuti mkamwini wabwerera. Kulimbana, mfuti yagwa, munthu uja wapanikizidwa pansi, dzanja lagwira chophimba kumaso. Tsamba 240 linathera pamenepo. Aphunzitsi ananyowetsa chala, anatembenuza, ndipo tsamba lotsatira linali 247. Mabelu a tchalitchi.

"Zimenezo ndimati ndinene," anatero abambo apolisi. "Mapepala atatu mulibe. Ndinalemba m'kope."

Ndinakumbukira kuti m'mawa mwa tsiku lotsatira kukonza kuja ndinasesa mapepala angapo pansi pa tebulo. Mapepala otere sinditaya. Ndimawaphatikiza ndi masamba otsatsa malonda a kumapeto kwa mabuku n'kupatsa mayi wina wokazinga mtedza pa depoti, iye amandipatsa mtedza. Ndinathamanga, amayi awiri ali pambuyo panga kuti ndisathawe.

"Asisi, mapepala ndinakupatsani aja alipo?"

"Achizungu aja? Abwino zedi, sang'ambika. Anatha kalekale."

"Anagula ndani?"

Anandiyang'ana, n'kuloza msewu wa M1 ndi chipande, kumanja kenako kumanzere. "Ena a ku Lilongwe, ena a ku Blantyre. Mwinanso a ku Mozambique. Mukufuna mtedza?"

Titabwerera tinapeza khoti lakhala kale. Abambo apolisi anali atawerenga masamba otsalawo kawiri, ndipo dzina la chigawenga silinatchulidwenso, poti wolemba anali atatanganidwa ndi diresi ndi maluwa. Koma iwo anati mlandu umathekabe pogwiritsa ntchito mndandanda wa obwera ku ukwati. Kapitawo analipo, ndiye amene ananyamula keke. Mlamu ndi loya onse sanaoneke. Choncho mmodzi mwa awiriwa ali m'ndende, winayo mwina anangodwala. Amayi amene anaponyera mlamu ndi amene anaponyera loya anayamba kukangana za kagawidwe ka mbale.

Chigamulo changa chinali chachidule. Ndibweze K2,000 ya aphunzitsi, ndimate mabuku onse awiri mwaulere aphunzitsi akuwerenga nambala iliyonse ndi mutu wa pamwamba, ndipo katoni iliyonse yobwera ndizisakamo buku lomwelo mpaka lipezeke. Mbale ikhalabe m'bokosi. Abambo apolisi sanafune kubwezeredwa ndalama, anangotenga lina la Intrigue ngati chipepeso, ataliwerenga masamba onse pamaso panga.

Amayi atatu amene anaponyera kapitawo anauzidwa kuti iwo ndiye aluza basi. Wa kachewere, yemwe anali mmodzi mwa iwo, anamanga chitenje n'kuima pamaso pa abambo apolisi.

"Pepani abambo, ndalama yanga isakhudzidwe. Inu ntchito yonse munagwira ija, simunaonepo chigawenga chikudya keke pa ukwati?"